Chikapitolizimu: tichikonze kapena tichizule ndi mizu yomwe?

Mwana wa Mlimi (Kasungu):
Moni nonse akuluakulu pagulu pano. Ndili ndi funso lomwe landisowetsa tulo chibwerereni kumudzi sabata yatha. Bambo anga ayamba kulima fodya wa bale ine ndisanabadwe. Ndinawapeza m'chigafa akusankha masamba omaliza, zala zili bii ndi phula la fodya, akutsokomola ndi fumbi. Chaka chino mabelo awo anayi anabwezedwa ku okushoni. Atagulitsa otsalawo, kuchotsa ya thiransipoti, ya ziguduli, ya misonkho ndi ya ngongole, ndalama yomwe inafika m'manja mwawo sikukwana kugula matumba a feteleza omwe anathira m'mundamo. Pamene paketi imodzi ya ndudu ku London, yomwe mulibe ngakhale magalamu 20 a fodya, mtengo wake ukuposa makilogalamu angapo a fodya wa bambo angawo.

Ndiye ndikufunsa: dongosolo la chuma cha dziko lonse lapansili, lomwe amalitcha chikapitolizimu, n'lotheka kulikonza kuti mlimi ngati bambo anga adye thukuta lake? Kapena linapangidwa dala kuti lizitero, moti mankhwala ake n'kulizula basi? Ine mtima wanga uli kozula. Koma ndikufuna ndimve kwa inu amene mwaona zambiri.

Aphunzitsi Opuma (Zomba):
Mwana wanga, funso lako ndi lakale ndipo ndi loyenera. Ine ndinayamba uphunzitsi m'zaka za m'ma 1970, ndiye zina ndaziona ndi maso. Mu 1981 dziko lino linatenga ngongole yoyamba ya World Bank yokhala ndi malamulo osintha kayendetsedwe ka chuma. Mu 1987 anatsegulira anthu wamba kugula mbewu, ADMARC n'kuyamba kutseka misika ina yakumidzi. Pambuyo pake thandizo la pa mtengo wa feteleza linachotsedwa. Mu 2002 tinaona njala yomwe sindidzaiwala. IMF inali italangiza kuti chimanga cha m'nkhokwe za boma chichepetsedwe, akuluakulu athu n'kugulitsa pafupifupi chonse, ena mwa iwo n'kupindulapo okha. Ana m'kalasi mwanga ankagona pa desiki nthawi ya 9 koloko m'mawa chifukwa kunyumba anadya madeya dzulo lake, ena zitsinde za nthochi. Choncho sindikuikira kumbuyo dongosololi.

Koma ndaonanso likupindika. Mu 2005 Bingu wa Mutharika anabweretsa makuponi a feteleza ngakhale ena mwa opereka thandizo sankafuna, ndipo pofika 2007 tinagulitsa chimanga ku Zimbabwe. Mu 2006 mbali yaikulu ya ngongole zathu zakunja inakhululukidwa, patatha zaka mipingo ndi mabungwe a Jubilee 2000 akukakamiza mayiko olemera. Palibe mfuti inalira pa zinthu ziwirizi. Walira mvula walira matope, mwana wanga. Ofuna kuzula aziyamba afotokoza kuti m'dzenjemo adzalamo chiyani.

Achimwene a ku Rustenburg:
Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, ngongole inakhululukidwa mu 2006, nanga lero tili pati? Tabwereranso m'ngongole mpaka m'khosi. Kwacha inagwetsedwa mu Meyi 2012, inagwetsedwanso ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, masiku ochepa IMF isanavomereze ngongole ya madola pafupifupi 175 miliyoni. Kukonza kotani komwe mumakonza lero, mawa chinthu chabwerera mwakale?

Ine ndimakhala kufupi ndi Marikana, kuno ku South Africa. Pa 16 Ogasiti 2012 apolisi anawombera ndi kupha ogwira ntchito mu mgodi 34. Ankangofuna malipiro a R12,500 pa mwezi. Kampani ya mgodiwo, Lonmin, likulu lake linali ku London. Ndipo izi sizinachitike nthawi ya tsankho ayi, zinachitika boma lili m'manja mwa ANC, chipani chomwe chinamenyera ufulu. Ndimadutsa pa kaphiri kaja. Anthu a kumeneko mpaka lero ambiri akukhala m'tinyumba ta malata, madzi akutunga pa mpopi umodzi, pansi pa mapazi awo pali platinamu. Voti anapatsidwa mu 1994, koma mgodi sanapatsidwe. Ine ndili ndi mnyamata wa ku Kasunguyu.

Namwino (Manchester):
Ndalowa mochedwa, ndinali pa ntchito ya usiku. Achimwene a ku Rustenburg, za Marikana sindingatsutse ngakhale pang'ono. Koma ndiloleni ndinene zomwe ndinaona ndili namwino kwathu, ndisanabwere kuno.

Cha m'ma 2000 wodi yathu inkadzaza mpaka ena kugona pansi pa mabedi. Munthu wa zaka 30 ankabwera ataonda ngati kamtengo, zilonda m'kamwa, ife n'kumupatsa Panado ndi mawu achilimbikitso, kenako n'kuuza achibale kuti pitani naye kunyumba. Mankhwala analipo padziko lapansi, koma mtengo wake unali madola oposa 10,000 pa munthu mmodzi pa chaka. M'misewu ya m'matauni athu malo okhoma mabokosi a maliro ndi omwe ankachuluka. Mchemwali wanga weniweni ndinamusambitsa ndekha mu 2001.

Chaka chomwecho kampani ya ku India ya Cipla inati ikhoza kugulitsa mankhwala omwewo pa madola 350 pa chaka. Makampani 39 a mankhwala omwe anasumira boma la South Africa anachotsa mlandu wawo mu Epulo 2001 chifukwa anthu a Treatment Action Campaign, bungwe lomenyera ufulu wa odwala Edzi kuti apeze mankhwala, ndi anzawo padziko lonse anawachititsa manyazi. Mu Novembala ku Doha mayiko anagwirizana kuti malamulo a umwini wa mankhwala asatsekereze boma kupulumutsa anthu ake. Mu 2004 Malawi anayamba kupereka ma ARV ulere. Ndinaona ndi maso anga mayi wina yemwe tinkamuyesa wakufa akubwera ku sikelo patatha miyezi isanu ndi umodzi, atabereka mwana kumbuyo, akuyenda yekha. Mukandiuza kuti kukonza n'kopanda pake, ndimaganiza za mayi ameneyo. Akanadikira tsiku loti dongosolo lonse ligwe, bwenzi titamuika kalekale.

Mwana wa Mlimi (Kasungu):
Pepani kwambiri za achemwali anu, amayi. Zandikhudza. Koma taonani zomwe zinachitika pa Covid. Mu Okutobala 2020 India ndi South Africa anapempha kuti malamulo omwewo aimitsidwe kaye kuti katemera apangidwe paliponse. Mayiko olemera anakoka nkhaniyo mpaka Juni 2022, n'kuvomera kachidutswa chabe, iwo atabayitsa kale anthu awo kawiri katatu. Ndiye phunziro la 2001 linapita kuti? Zikuoneka kuti nkhondo iliyonse tiyenera kuimenya kuyambira pachiyambi, ndipo pomwe tikumenyapo anthu akufa.

Namwino (Manchester):
Zimenezo n'zoona, mwana wanga. Sindingakunamize. Chomwe chinawinidwa sichikhala chowinidwa mpaka kale. Ngakhale NHS, dongosolo la zipatala za boma kuno, yomwe ndikugwiramo ntchitoyi, yomwe inayamba mu 1948 kuti aliyense azichiritsidwa osalipira pakhomo, tsiku ndi tsiku pamakhala ofuna kuidula zidutswa. Ndipo ndikudziwanso kuti kupezeka kwanga kuno ndi mbali ya vuto lomwelo. Anandiphunzitsa ndi misonkho ya anthu ngati bambo ako, koma manja anga akusamalira okalamba a ku England.

Tiyu wa ku Angónia:
Abale anga, ine ndine wa ku Mozambique kuno, chigawo cha Tete, ndipo zozula mukunenazi ife tinazilawa. Ndinali mnyamata pa 25 Juni 1975 pomwe Apwitikizi anachoka. Chimwemwe chake simungachimvetse. Chibalo chinatha, malo anakhala a dziko, sukulu ndi zipatala zinatsegukira aliyense, katemera anafika kumidzi komwe kunali kusanafikepo dokotala. Samora Machel tinkamukonda ndi mtima wonse. Mu 1977 chipani cholamula cha FRELIMO chinalengeza kuti chikutsata sosholizimu ya Marx ndi Lenin.

Kenako anayamba kutisamutsira ku midzi ya pamodzi. Agogo anga anasiya mitengo yawo ya mapichesi ndi manda a makolo awo, akulira. M'masitolo a boma munalibe mchere, munalibe sopo, munalibe makasu. Mlimi ankapatsidwa ndalama yopanda choti agule nayo, ndiye anangosiya kulima zogulitsa. Mu 1983 anthu omwe ankaoneka kuti alibe ntchito m'mizinda anatengedwa mokakamiza kupita ku Niassa. Wofunsa funso ankatchedwa mdani wa anthu.

Ndisabise mbali inayo. RENAMO, yomwe inkachita nkhondo ndi boma lathu, inaumbidwa ndi Rhodesia, n'kuleredwa ndi boma la tsankho la South Africa, ndipo inkawotcha sukulu ndi zipatala zomwezo. Ife tinathawira ku Dedza ndi Ntcheu, tinalipo pafupifupi miliyoni imodzi m'Malawi monse, ndipo munatilandira, sitiiwala. Mtendere unasainidwa ku Rome mu 1992. Koma boma lomwelo la Marx linali litalowa kale mu IMF ndi World Bank mu 1984. Lero sitima za malasha a ku Moatize zimadutsa m'dziko lanu kupita ku Nacala usana ndi usiku, pomwe midzi yambiri ya kuno imagona mu mdima. Tinazula, magazi anakhetsedwa, chinthu chija chinaphukanso, ndipo ena mwa omwe ankatiphunzitsa sosholizimu ndi omwe ali ndi makampani lero.

Achimwene a ku Rustenburg:
Atate a ku Angónia, ndamva ndipo ndalemekeza. Koma nkhani yanu ikutsimikiza mfundo yanga. Dziko lililonse lomwe layesa njira ina analitchera msampha. Lumumba, mtsogoleri wa ku Congo, anaphedwa mu Januwale 1961. Allende anagwetsedwa ku Chile pa 11 Seputembala 1973. Thomas Sankara wa ku Burkina Faso anauza atsogoleri anzake ku Addis Ababa mu Julayi 1987 kuti akane ngongole onse pamodzi chifukwa akakana yekha sadzapezeka pa msonkhano wotsatira, ndipo pa 15 Okutobala chaka chomwecho anaphedwa. Simungathyole munthu miyendo kenako n'kumati onani, sakutha kuthamanga.

Tiyu wa ku Angónia:
Miyendo anatithyola, inde. Koma amene anasamutsa agogo anga sanali wa ku Pretoria kapena wa ku Washington. Anali mnyamata wa chipani wochokera m'boma lathu lomwe, atanyamula kope ndi mfuti. Zonse ziwiri n'zoona, achimwene, ndipo ndimakana kuti ina ibise inzake.

Mayi wa Geni (Limbe):
Ine sukulu sindinapite nayo patali, mawu enawa akundidutsa. Koma ndimvetseni bwino. Mukamati kuzula chikapitolizimu, benchi langa la kaunjika lilinso m'gulu lozulidwa? Chifukwa ine ndinayamba ndi ndalama ya banki m'khonde, belo limodzi la zovala za ana, ndipo ndaphunzitsa ana atatu ndi geni imeneyi. Nthawi ya Kamuzu zinthu zambiri zinali m'manja mwa boma, ADMARC ndi Press, mlimi wamng'ono sankaloledwa n'komwe kulima fodya wa bale, unali wa ma esiteti. Mayi anga ankagulitsa mtedza pa mtengo womwe auzidwa, osanenerera. Kugula ndi kugulitsa si tchimo. Chomwe chikundipweteka ine n'choti dola ku banki kulibe, ndimakaigula kumbali pa mtengo wokwera, pomwe akuluakulu amaipeza mosavuta. Ngongole ku banki sangandipatse chifukwa ndilibe chikole, ndiye ndimagwera kwa akatapila. Ndikufuna msika wachilungamo, osati kuti msika uthe.

Aphunzitsi Opuma (Zomba):
Mayi, mwafunsa funso lomwe ophunzira ambiri amalizemba. Msika unalipo chikapitolizimu chisanabwere. Makolo athu ankasinthanitsa mchere, makasu ndi nsalu za thonje m'chigwa cha Shire azungu asanafike. Chomwe anyamatawa akudandaula ndi dongosolo lomwe mwini ndalama, ali kutali, ndi amene amalamula mtengo, malamulo ngakhale boma. Ku IMF voti imatsata ndalama: America yokha ili ndi mavoti opitirira 16 pa 100 aliwonse, ndipo zigamulo zikuluzikulu zimafuna 85, kutanthauza kuti America ikakana palibe chigamulo chachikulu chomwe chingadutse. Benchi lanu silili pamenepo.

Ndiwonjezere pa za kaunjika, osati mokunyozani. Belo lanulo likudyetsa ana anu, komanso ndi lomwe linathandiza kufooketsa mafakitale athu a nsalu. David Whitehead ku Blantyre inkalemba ntchito anthu masauzande. Dongosololi limatiika poti phindu la mmodzi wa ife ndi chilonda cha mnzake, tonse osauka.

Ba Tembo (Kitwe):
Muli bwanji bonse. Ine ndine wa ku Chipata koma ndagwira ntchito ku Copperbelt zaka zambiri, ndipo ife a Zambia tinayesa njira zonse ziwiri pa mkuwa umodzimodzi. Mu 1969 Kaunda analengeza ku Matero kuti boma litenga 51 peresenti ya migodi. Kunamangidwa masukulu, zipatala, nyumba za ogwira ntchito. Mwana wa mmigodi ankabadwira m'chipatala cha mgodi, babu ikapsa m'nyumba kampani inkabweretsa ina. Koma mtengo wa mkuwa sitinkaupanga ife, unkapangidwa ku London Metal Exchange. Utagwa mu 1975, mafuta atakwera, tinayamba kukongola. ZCCM, kampani ya boma ya migodi, inasanduka ng'ombe yomwe aliyense akuikama, palibe woidyetsa. Makina anakalamba. Mu Disembala 1986 anthu anachita zipolowe kuno chifukwa cha mtengo wa ufa, ndipo mu Meyi 1987 Kaunda anathetsa ubale ndi IMF, koma sanapirire nthawi yaitali.

Pofika 2000, nthawi ya Chiluba, migodi inali itagulitsidwa. Mapangano ake anali achinsinsi, ndipo atadziwika tinapeza kuti makampani ena ankalipira 0.6 peresenti yokha ngati msonkho wa pa mkuwa wokumbidwa. Mtengo wa mkuwa utakwera kwambiri pambuyo pake, ndalama zinapita kunja, ife tikuona magalimoto akuluakulu akuphwanya misewu yathu. Mwanawasa anakweza msonkhowo kufika 3 peresenti mu 2008 n'kuikanso wina wa pa phindu lopyola muyeso, koma wachiwiriwu unachotsedwa mu 2009 iye atamwalira. Mu Novembala 2020 tinalephera kulipira ngongole.

Ndiye ine ndimaona chonchi. Kutenga mgodi sikokwanira ngati ukugulitsabe mwala wosayenga pa mtengo wa eni ake. Kugulitsa mgodi sikokwaniranso. Chomwe ndinaona chikugwira ntchito ndi pomwe anthu apansi anali ndi mphamvu yoopsa. Msonkho wa 2008 unabwera chifukwa anthu ambiri a ku Copperbelt anavotera otsutsa mu 2006, boma linachita mantha. Mabwana sapereka kanthu chifukwa chowapempha mwaulemu. Amapereka akaona kuti akapanda kupereka pang'ono ataya zambiri.

Namwino (Manchester):
Ba Tembo, mwanena zomwe ndimalephera kuzifotokoza. Anzanga achikulire kuno amanena zomwezo za NHS. Inabwera nkhondo itangotha, asilikali atabwerera kwawo osafunanso umphawi wakale, mabungwe a ogwira ntchito ali amphamvu, ndipo olemera a ku Ulaya akuyang'ana Soviet Union mwamantha. Ngakhale ma ARV aja sanabwere ndi chifundo cha makampani. Anthu odwala anavala malaya olemba kuti ali ndi kachilombo n'kukaima pakhomo pa khoti.

Achimwene a ku Rustenburg:
Ndiye mukuvomereza kuti popanda ife ofuna kuzula, inu okonza simungapeze kanthu. Mu 2014 ogwira ntchito m'migodi ya platinamu kuno ananyanyala miyezi isanu yathunthu. Ndinaona mabanja akugulitsa mafiriji ndi mabedi, amayi akuphika phala la madzi okhaokha. Malipiro anakwera, koma magazi a 2012 ndi njala ya 2014 ndi zomwe zinagula kukwerako.

Aphunzitsi Opuma (Zomba):
Pamenepo ndikuvomera theka. John Chilembwe anaukira mu Januwale 1915 chifukwa cha thangata ndi nkhanza za pa esiteti ya Magomero. Anagonja m'masiku ochepa, anthu ake ananyongedwa, tchalitchi chake chinagumulidwa. Koma atsamunda sanagonenso tulo tabwino. Chomwe ndikukana ine ndi maganizo oti pali tsiku limodzi lomwe zonse zidzagwe, m'mawa mwake tidzadzuke m'dziko latsopano. China inazula mu 1949, anthu mamiliyoni ambiri anafa ndi njala pakati pa 1959 ndi 1961, ndipo kuyambira 1978 Deng Xiaoping anatsegulanso misika, boma litagwira chiwongolero. Anthu mazana a mamiliyoni anatuluka mu umphawi. Kodi kumeneko tikutcha kuzula kapena kukonza? Ndipo wogwira ntchito m'fakitale ya ku Shenzhen saloledwa kukhala ndi bungwe lake loima palokha. Inu a ku Rustenburg mukananyanyala kumeneko ngati mu 2014, sindikudziwa kuti mukanathera kuti.

Mwana wa Mlimi (Kasungu):
Aphunzitsi, pali chimodzi chomwe palibe wachitchula. Nthawi. Inu mukuti pang'onopang'ono, koma namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 sanabwere pang'onopang'ono. Phiri la Soche linatsika ndi matope n'kukwirira anthu ku Chilobwe ali m'nyumba. Utsi womwe ukutenthetsa dziko si wa bambo anga, alibe ngakhale njinga yamoto. Ku msonkhano wa ku Sharm el-Sheikh mu 2022 anagwirizana zokhazikitsa thumba lolipira zowonongeka, koma zomwe zalonjezedwa m'thumbamo n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi zomwe zikuwonongeka. Dongosolo lomwe limafuna kukula chaka ndi chaka, lingaleke bwanji lokha kukumba malasha ndi mafuta pomwe phindu lilipo?

Aphunzitsi Opuma (Zomba):
Limenelo ndi funso lomwe limandigonjetsa, mwana wanga. Pa nkhani ya malipiro kapena ngongole, ukachedwa zaka khumi ukhoza kukonzabe. Pa nkhani ya nyengo, zaka khumi zikapita zapita. Ndilibe yankho lokukhutiritsa.

Ba Tembo (Kitwe):
Mphwanga wa ku Kasungu, ndikufunse chinthu chimodzi. Tsiku lomwe mabelo a atate ako anabwezedwa, panali alimi angati ena omwe anabwezeredwanso? Ndipo anachita chiyani?

Mwana wa Mlimi (Kasungu):
Analipo ambiri, akulu. Aliyense anangonyamula nkhawa zake. Ena anagulitsa kwa mavenda pa mtengo wolira kuti apeze yobwerera kunyumba. Kalabu ya bambo ili ndi anthu khumi ndi awiri, koma imakumana pofuna ngongole ya feteleza basi, ikatha nyengo imabalalika. Ogula ndi makampani owerengeka pa zala, amadziwana. Alimi ndi masauzande, sadziwana.

Mayi wa Geni (Limbe):
Ndi mmenenso tilili ife mumsika. Akabwera okweza chiphaso timalira aliyense pa benchi lake. Ulendo umodzi wokha tinagwirizana tonse osalipira mpaka atakonza zimbudzi ndi kuchotsa zinyalala, ndipo sabata isanathe thirakitala inabwera. Koma titangopeza zomwe timafuna, mgwirizano unatha, ndipo atsogoleri athu awiri anayamba kudya ndi akuluakulu.

Achimwene a ku Rustenburg:
Chomwecho chinachitika kuno. Anthu anathawa NUM, bungwe lakale la ogwira ntchito m'migodi, chifukwa atsogoleri ake anayandikana kwambiri ndi mabwana, n'kulowa bungwe lina la AMCU. Ndiye musamati kugwirizana kokha ndi yankho. Ogwirizanawo amagulidwa. Ine ndikadali pomwe ndinali: bola mgodi, banki ndi sitima zili m'manja mwa anthu ochepa, chilichonse chomwe tingawine adzachilandanso.

Tiyu wa ku Angónia:
Ndipo zikakhala m'manja mwa chipani chimodzi, simudzakhala ndi poti mukadandaule. Funsani ife.

Mwana wa Mlimi (Kasungu):
Zikomo nonse, makamaka atate a ku Angónia ndi amayi a ku Manchester, mwandiuza zinthu zowawa za m'mabanja mwanu. Sindinasinthe maganizo kwenikweni, ndikuonabe kuti dongosololi silinapangidwire ife. Koma funso la ba Tembo landilasa, chifukwa ndakhala ndikulankhula zogwetsa dziko lonse pomwe sindikudziwa ngakhale mayina a anthu khumi ndi awiri a m'kalabu ya bambo anga. Ndawaimbira madzulo ano. Akuti akonza kale malo a nazale ku dimba, alimanso fodya chaka chino chifukwa soya mitengo yake sidziwika, ndipo ngongole ya chaka chatha ikuwadikira. Ndawapempha kuti ndikapita kumapeto a mwezi uno aitane anzawo a m'kalabu, aliyense abwere ndi mapepala ake a ku okushoni, tikaike pamphasa tiwerengetsere limodzi zomwe anadulidwa. Avomera, koma akuti awiri mwa iwo sangabwere, anapita ku Zambia kukagwira ganyu m'minda ya fodya.